MLANDU WA KUSASAMALA

 Lero tikambirana za mlandu wa kusasamala, umene umabuka kawirikawiri m'chilimwe, pamene anthu akutentha mapesi ndi kusaka mbewa m'madambo a m'mbali mwa nyanja ya Chilwa.

Munthu akaononga cha mnzake, mau ake oyamba pabwalo amakhala akuti sanachite dala. Dziwani kuti mau amenewa sathetsa mlandu. Lamulo likuti munthu aliyense ali ndi udindo wosamala kuti ntchito yake isapweteke anzake.

Mwa milandu yonse yokhudza lamuloli, wotchuka ndi wochokera ku Scotland. M'chaka cha 1928, m'tauni ya Paisley, mai May Donoghue anamwa chakumwa cha m'botolo lakuda chimene mnzao anawagulira. Iwo anati m'botolomo munatuluka nkhono yoola, ndipo anadwala. Wopanga chakumwacho, David Stevenson, anati sanapangane nao kanthu maiwo, popeza sanagule okha. Koma m'chaka cha 1932 bwalo lalikulu la ku London linagamula kuti wopanga chinthu ayenera kusamala munthu amene adzachigwiritsa ntchito. Woweruza wina, Lord Atkin, anafotokoza kuti mnansi wako ndi aliyense amene ukhoza kuoneratu kuti zochita zako zingampweteke. Makhoti a m'Malawi amatsata mfundo imeneyi.

Tsono tibwere nayo kwathu kuno. Bwalo limafunsa mafunso anai.

Loyamba: kodi munthuyu anali ndi udindo wosamala? Woyatsa moto m'munda mwake adziwa kuti pafupi pali nkhokwe ya mnzake. Mwini nkhokweyo ndiye mnansi wake.

Lachiwiri: kodi anachita monga akadachitira munthu wanzeru? Munthu wanzeru amayamba walambula udzu kuzungulira munda, amayatsa madzulo mphepo itatsika, ndipo sachoka moto usanazime. Woyatsa masana kuli chimphepo, nkupita kumowa, walakwa.

Lachitatu: kodi kulakwa kwakeko ndiko kunabweretsa tsokalo? Ngati nkhokwe inapsa ndi moto wina wochokera kwina, mlandu suli wake.

Lachinai: kodi pali chimene chaonongeka? Moto ukazima wokha osatentha kanthu, palibe cholipira, koma munthuyo adzudzulidwe. Ukatentha matumba khumi a mpunga, alipire molingana ndi matumbawo. Ngati mwini nkhokwe nayenso anasiya udzu wouma utawirira mpaka pankhokwe, bwalo likhoza kuchepetsa malipiro, chifukwa onse awiri sanasamale.

Mafunso omwewa afunsidwe kwa munthu wotsukira mpope wa mankhwala a mbozi pachitsime, wokumba dzenje la njerwa pafupi ndi njira osalitchinga, ndi mwini bwato wokweza anthu mopyola muyeso panyanja.

Inu mafumu, pokamba mlandu wotere pitani mukaone malowo ndi maso anu, muwerenge zoonongeka, mumve mboni za mbali zonse ziwiri. Mlandu ukakula, makamaka pamene munthu wavulala kapena wamwalira, utumizeni kupolisi ndi kubwalo la majisitireti ku Zomba.

Inu achikumbe, musanayatse moto uzani anzanu oyandikana nao minda. Akulu anati mnzako akapsa ndevu mzimire. Koma choposa nkusamala kuti moto wako usafike pandevu zakezo. Tsalani bwino.