MPHEPO NDI UTSI M'MISEU YA M'TAUNI

Tauni ya Chongwe iri pa mtunda wa makilomita ngati 45 kum'mawa kwa Lusaka, ndipo mseu waukuru wa Great East Road upyola pakati pace. Usana ndi usiku malole opita ku Chipata amalavula utsi wa dizilo pamenepo, ndiponso mbaula ziripo zambiri, pakuti boma limeneli litumiza makala oculuka ku Lusaka. Komabe utsi wa pa mseuwo sucedwa kubalalika. Masitolo ambiri ndi afupi, ndipo mseu walunjika kumene icokera mphepo. M'miyezi yopanda mvula mphepo ya dziko lino imacokera kum'mawa, motero imalowa mu mseu monga madzi mu ngalande, niusesa.

Ku Lusaka nkhani ndi ina. Cairo Road, Cha Cha Cha Road ndi Freedom Way ndi miseu yogona kucokera kumpoto kunka kumwera, ndipo mphepo ya kum'mawa imaipingasa.

Munthu amene anaona mtsinje wa Chongwe ulikudumpha mwala adziwa kuti kuseri kwa mwalawo madzi amazungulira, ndipo zinyalala zimasonkhana pomwepo. Mphepo icita cimodzimodzi pakati pa nyumba zosanja. Ikaoloka madenga, ina imagunda khoma la tsidya la kumadzulo, nitsika nalo pansi, nibwerera cakum'mawa pamwamba pa phula, nikweranso ndi khoma la kum'mawa. Ndiko kuti pansi mpweya uyenda mobwerera, ndipo utsi wa magalimoto umakankhidwira ku khonde la kum'mawa. Tsono mai wogulitsa zipatso pa khonde limenelo, amene ayesa kuti wabisala mphepo, ndiye amene apuma utsi wambiri kuposa mnzace wa tsidya lija. Tinthu ta mu utsi wa dizilo ndi tating'ono kwambiri, timalowa mpaka m'kati mwa mapapo. Ana, odwala mphumu, ndi amuna amene mapapo ao analema kale ndi pfumbi la pansi pa mgodi ndiwo amene ayamba kubvutika.

Mphunzitsi wina wa ku Vancouver, T. R. Oke, analongosola m'caka ca 1988 kuti msinkhu wa nyumba ukapitirira magawo awiri mwa atatu a kutambalala kwa mseu, mphepo yambiri imangopitirira pamwamba, ndipo mpweya wa pansi umangozungulira osasinthika msanga. Cairo Road apulumukako cifukwa ndi wotambalala. Miseu yopapatiza ndiyo yoopsya. Nyumba imodzi yaitali yoima payokha, monga Findeco House, icita zina: imagwira mphepo ya m'mwamba ndi kuigwetsera pansi mwamphamvu, kotero kuti utsi umamwazika, ngakhale kuti oyenda pansi amalandira pfumbi m'maso.

Pali nthawi imene mphepo ileka ndithu. Usiku wa mu June ndi July mpweya wozizira umagona pansi, wofunda uli pamwamba pace ngati cibvundikiro, ndipo utsi wa mbaula umakhala pakati pa nyumba kufikira dzuwa litatentha. Pamenepo ngakhale Chongwe satetezeka. Ndiponso mphepo siipha utsi ai, imangousamutsa. Anchito a ku migodi adziwa bwino za Kankoyo ku Mufulira, kumene kwa zaka zambiri mphepo inali kutula utsi woyabwa pakhosi wocokera ku ng'anjo yosungunulira mkuwa, umene anthu anaucha senta.

Chongwe alikukula, ndipo nyumba zosanja zidzaculuka. Mseu waukuru udzakhalabe ndi mphepo yace. Yofuna kuyang'anira ndi miseu yaing'ono yocokera mu mseu waukuruwo kunka kumpoto ndi kumwera, pakuti imeneyo ipingasa mphepo monga ya ku Lusaka. Womanga m'miseu yotere akasiya mpata pakati pa nyumba ndi inzace, ndi kusiyanitsa misinkhu ya madenga, mphepo idzapeza polowera ndi poturukira. Koma akalumikiza makoma m'litali monse kuti pasatayike phazi limodzi la malo, adzakhala atamanga nkhokwe ya utsi pakhomo pa sitolo yace yomwe.