Kompyuta imangowonkhetsa chomwe mwaiuza

Sabata yatha ndinaswera mu ofesi ina ku Area 15, komwe mnyamata wina amasonkhanitsa malipoti a ndalama ochokera m'zipatala zing'onozing'ono za m'maboma angapo. Abwana ake analowa maso ali psuu, pepala kumanja. Lipoti la miyezi itatu linkaonetsa kuti chipatala china chili ndi ndalama zankhaninkhani ku banki, chonsecho anamwino akuimba foni kuti magolovesi atha. M'khonde anthu anali atayamba kale kunong'onezana kuti wina wadya.

Palibe anadya. Mnyamatayo anangouza pulogalamu ya pakompyuta yotchedwa Stata kuti iphatikize zonse.

Mu pulogalamuyi muli lamulo lotchedwa collapse. Limatenga mizere ya mwezi uliwonse n'kuifinya kukhala mzere umodzi pa gulu lililonse: Dedza wakewake, Ntchisi wakewake, kota (miyezi itatu) iliyonse payokha. Koma muyenera kuliuza chochita ndi nambala iliyonse, kaya sum (kuwonkhetsa), mean (avereji) kapena last (nambala yomaliza). Ndalama zogulira mankhwala mu Epulo, Meyi ndi Juni n'zowonkhetsa, chifukwa mwezi uliwonse zinatulukadi. Zotsala mu akaunti n'zina. Tiyerekeze kuti mwatsala K5 miliyoni kumapeto kwa Epulo, ndipo palibe wazigwira mpaka Juni. Ndi K5 miliyoni yomweyo. Mukawonkhetsa mupeza K15 miliyoni, ndalama zomwe sizinakhaleko. Zili ngati kuwerenga mbuzi za m'khola madzulo atatu n'kumadzitama kuti zachuluka katatu. Apa mumatenga nambala ya mwezi womaliza basi.

Msampha wina ngwachinunu. Chipatala chikapanda kutumiza lipoti miyezi itatu yonse, sum salemba kuti palibe chomwe chinafika. Amalemba 0, ngati kuti chipatalacho sichinagule ngakhale panado mmodzi.

Chimene chimanditopetsa ndi mawu aja akuti "makina sanama," ndi mnzake uja wa m'maminibasi wakuti ziwerengero zonse n'zophika. Onse awiri ndi ulesi. Munthu amaona nambala ziwiri zosiyana n'kuthamangira kunena za katangale, osafunsa n'komwe kuti chaka chomwe akunenacho chayambira mwezi uti. Kale chaka cha ndalama za boma chinkayamba pa 1 Julayi. Kuyambira 2022 chimayamba pa 1 Epulo, moti chaka cha 2021/22 chinali ndi miyezi 9 yokha. Mukachiika pambali pa chaka cha miyezi 12 chioneka chowonda, ndipo wina alemba pa Facebook kuti ndalama zinadulidwa. Kuwonjezera apo, mabungwe ambiri akunja amawerenga chaka chawo kuyambira Januwale kapena Okutobala.

Nanga madola? Mu Novembala 2023 Reserve Bank of Malawi, ku City Centre komweku, inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Kota ya Okutobala mpaka Disembala inang'ambika pakati. Amene anasintha ndalama za miyezi itatu yonseyo ndi mtengo umodzi analakwitsa. Mumayamba mwasintha mwezi uliwonse ndi mtengo wake, kuwonkhetsa kumabwera pambuyo.

Mnyamata wa ku Area 15 uja anakonza mawu amodzi okha mu collapse, mamiliyoni ongopeka aja n'kuzimiririka. Abwana sanapepese.

Inu amene mumasayina malipoti otere, musanaitane apolisi funsani kaye kuti mu nambalayo mwalowa miyezi ingati.