Nako ku Japan kuli gule woitana akufa

CHIFUNDE — Ng'oma ya mbalule ikalira ku Mualadzi kapena ku Nsadzu, amayi amasiya mtondo, ana nathawira kuseri kwa nkhokwe. Kapoli watuluka kudambwe, thupi lonse matope okhaokha, kumutu nthenga, mawu ake ang'onoang'ono ngati a mbalame. Palibe wofunsa dzina lake. Ndi chilombo, chachokera kumanda, basi.

Kutali ku Japan kuli gule wina wotchedwa Butoh amene munthu wa kuno atamuona sangadabwe kwenikweni. Anamuyambitsa ndi Tatsumi Hijikata mu 1959 mumzinda wa Tokyo, ndipo anamukulitsa pamodzi ndi mnzake Kazuo Ohno. Hijikata anabadwira ku Akita, dera lozizira la alimi a mpunga. Nthawi imeneyo dziko lawo linali lisanapole zilonda za nkhondo ndi mabomba amene anagwa pa Hiroshima ndi Nagasaki mu 1945.

Ovina ambiri amameta mpala, amadzipaka zoyera thupi lonse, nayenda pang'onopang'ono ngati nanzikambe. Pena sipakhala nyimbo n'komwe. Kumangomveka kubuula, kupuma kwa wovina, kenaka zii. Chiphunzitso chake n'chakuti wovina adzikhuthule, aiwale dzina lake ndi ulemu wake, atsale ngati mtsuko wopanda madzi. Akatero ndiye kuti akufa, nyama ngakhale mphepo zapeza malo m'thupi mwake. Ohno anavinabe atapitirira zaka 90, miyendo itakana ankavina ndi manja ali pampando, ndipo anamwalira mu 2010 ali ndi zaka 103.

Kusiyana kulipo ndithu. Butoh amavinidwa m'nyumba za zisudzo, oonera amalipira pakhomo, akazi nawo amavina, ndipo dzina la wovina limalembedwa pachikwangwani. Gule Wamkulu ndi wa mudzi ndi mfumu yake. Ntchito yake ndi maliro, chinamwali ndi kulonga ufumu, ndipo Kasiyamaliro satuluka chifukwa choti anthu asowa chosekera.

Gule ameneyu waona zambiri kuno ku Tete. Amishoni anamuda, boma la Atsamunda Achipwitikizi silinamukonde, ndipo ufulu utabwera mu 1975 anayesedwanso zinthu za mumdima. Nkhondo itatha mu 1992, obwerera kuchokera ku Malawi ndi ku Zambia anatsegulanso mabwalo. Mu 2005 bungwe la UNESCO linamulengeza kukhala chuma cha anthu a dziko lonse lapansi, m'dzina la Mozambique, Malawi ndi Zambia.

Ulemuwo wabwera ndi vuto lake. Tsopano zilombo zimaitanidwa kumisonkhano ndi kuzikondwerero za boma, dzuwa lili pamutu, n'kupatsidwa mphindi zowerengeka akuluakulu asanayambe kulankhula. Achinyamata amajambula ndi foni. Ajapani anachita kufunafuna m'zisudzo chinthu chimene mudzi wa Achewa unali nacho kale pamaliro, pamene pamisonkhanoyi chilombo chikuvina pasanafe munthu, osunga nthawi akuyang'ana wotchi.