Thandizo kwa ana a m'misewu: kodi likusintha chiyani?

Mabungwe achifundo akamalemba malipoti awo amakonda kuwerenga mbale za nsima, mabulangete ndi zovala zomwe agawira ana a m'misewu. Ziwerengero zotere n'zosavuta kupeza, koma sizitiuza ngati mwanayo wachoka pamsewu, kapena ngati pakatha chaka amakhala akadali pasukulu ndi moyo wathanzi. Kwa ife a zaumoyo, funso lofunika ndi limenelo.

Choyamba tidziwe kuti anawa ndani. Kalembera yemwe bungwe la Retrak linachita mu 2014 mogwirizana ndi Chisomo Children's Club komanso boma anapeza ana oposa 4,000 m'misewu ya Lilongwe ndi Blantyre. Ambiri mwa iwo sagona pamsewu ayi: masana amapemphetsa, kugulitsa majumbo kapena kunyamula katundu mumsika, madzulo n'kubwerera kunyumba ndi kangachepe koti banja ligulire ufa. Kafukufuku wina yemwe anasindikizidwa mu 2016 mu JAMA Pediatrics, wophatikiza zomwe zinapezeka m'mayiko ambiri, anaonetsa kuti chifukwa chomwe ana amatchula kwambiri ndi umphawi, kenako mikangano ya m'banja ndi nkhanza. Khalidwe loipa la mwana, lomwe anthu ambiri amathamangira kuloza chala, linali m'munsi kwambiri.

Ngati gwero lili kunyumba, thandizo lothera pamsewu limangoziziritsa bala osalichiza. Chakudya ndi malo osambirapo n'zofunika ndithu, chifukwa ndi pamene mwana amayambira kukhulupirira munthu wamkulu. Koma ntchito yeniyeni ya mabungwe monga Chisomo ku Blantyre ndi Tikondane ku Lilongwe imayamba pambuyo pake: kufufuza abale, kuona ngati pakhomopo mwana angatetezeke, kumubwezera kusukulu, ndi kumamuyendera kwa miyezi yambiri. Ndi ntchito yochedwa, yodya ndalama zoyendera, ndipo siioneka bwino pazithunzi zotumiza kwa opereka thandizo. Kumubweza mwana kunyumba komwe njala yomwe inamuthamangitsa idakalipo n'kungomutumiza kuti akabwerenso.

Nanga bwanji osangomanga nyumba zambiri zosungirako ana? Umboni wamphamvu pa nkhaniyi unachokera ku Bucharest, m'dziko la Romania. Kuyambira 2000 akatswiri anatsatira ana aang'ono 136 a m'nyumba zotere. Theka linasankhidwa mwamaere n'kupita kukaleredwa m'mabanja. Omwe anapita m'mabanja anakula bwino m'nzeru kuposa anzawo otsala, makamaka amene anachoka asanakwanitse zaka ziwiri. Anawo anali makanda, osati a m'misewu, komabe phunziro lake likugwirizana ndi malangizo a United Nations a 2009, omwe amati umphawi pawokha usakhale chifukwa cholekanitsira mwana ndi banja lake.

Kuno kwathu tili ndi umboni woti kulimbikitsa banja kumateteza mwana. Ku Zomba, atsikana a sukulu omwe iwo ndi makolo awo ankalandira ndalama pang'ono mwezi uliwonse anayezedwa patatha miyezi 18: mwa iwo 1.2 pa 100 alionse anali ndi HIV, pamene mwa omwe sankalandira anali 3 pa 100. Zotsatirazi zinatuluka mu The Lancet mu 2012. Mtukula Pakhomo, yomwe inayambira ku Mchinji mu 2006, imayenda pa mfundo yomweyi. N'chifukwa chake bungwe lomwe limathandizanso mayi wa mwanayo ndi mpamba wa bizinesi, kapena kulumikiza banjalo ndi ofesi yoona za chisamaliro cha anthu paboma, likugwira muzu wa vutolo.

Mpata waukulu uli pa kuyeza. Ofufuza a Cochrane ataunika mu 2016 kafukufuku woyerekeza njira zothandizira ana a m'misewu, onse omwe anakwanira pa muyezo wawo anali a m'mayiko olemera. Kaundula wosungidwa bwino pachipatala kapena pabungwe, wolemba kumene mwana ali pa miyezi 6 ndi 12 atabwerera kwawo, angayambe kutseka mpata umenewu.

Pakadali pano anawa amafika pazipatala zathu ndi mphere, zilonda, malungo, matenda opatsirana pogonana, ena atasiya kumwa ma ARV. Nthawi zambiri amabwera okha, opanda kabuku ka kuchipatala, ndipo akakalipiridwa pakhomo sabweranso. Musawabweze chifukwa alibe wowaperekeza. Mufunseni mwanayo kumene amagona ndiponso amene amamudalira, muli awiri pamalo oduka mphepo. Ngati wagwiriridwa, mankhwala a PEP ayambe pasanathe maola 72, ndipo nkhaniyo ipite ku One Stop Centre kapena ku Victim Support Unit ya apolisi. Nambala ya 116 ndi yaulere. Asanatuluke, lembani dzina la bungwe kapena mlangizi amene adzamuyendere, ndi tsiku loti adzabwerenso.