Mphamvu Yotsala: Kusankha Ampu ya Gitala ya Pedal Steel

Amene munakulira pafupi ndi wailesi mukuwadziwa mawu aja olira mwachisoni kumbuyo kwa nyimbo za Don Williams, okwera pang'onopang'ono n'kutsika osaduka. Ambiri timangoti ndi gitala. Ndi gitala ndithu, koma yamtundu wakewake, yotchedwa pedal steel, ndipo m'nyimbo zambiri za Don Williams ankaiimba ndi Lloyd Green, katswiri wa ku Nashville m'dziko la America. Gitala imeneyi saikoleka m'khosi. Imaima pa miyendo yake inayi, woimba n'kukhala pampando. Dzanja lamanzere limatsetsereza kachitsulo kosalala pa nsambo, lamanja likukodola. Mapazi amaponda mapedulo, mawondo amakankha tizitsulo tolendewera kunsi, ndipo zimenezi zimakunga kapena kukhwefula nsambo nyimbo ili m'kati. Khosi limodzi nthawi zambiri limakhala ndi nsambo 10, ndipo magitala ambiri otere amakhala ndi makosi awiri. Kholo lake ndi gitala ya ku Hawaii, ija akuluakulu kuno ankaitcha hauyani, yomwe Ndiche Mwarare anatchuka nayo.

Payokha, gitala iyi ilibe mawu oti n'kumveka kuseri kwa chitseko. Zonse zimadalira ampulifaya, bokosi lija lokuza mawu lomwe anyamata a bandi amangoti ampu. Oimba pedal steel amaisankha mosiyana kwambiri ndi anzawo a gitala wamba, ndipo kuti timvetse chifukwa chake, tiyeni tipite kuchigayo.

Mukudziwa zimene zimachitika wachigayo akathira chimanga chambiri nthawi imodzi m'chigayo cha injini yaing'ono. Kulira kwa injini kumasintha, imayamba kubuula, lamba amaterereka, ikakhala ya dizilo utsi wakuda tolotolo. Chigayo cha injini yaikulu chimalandira chimanga chomwecho osasintha n'kulira komwe. Sikuti chikuthamanga kuposa chinzake ayi. Chili ndi mphamvu yotsala imene sichinaikhudze n'komwe.

Ampu nayo ndi momwemo. Mphamvu yake amaiyeza m'mawati, ndipo mukaipatsa mawu oposa msinkhu wake imabanika, mawu n'kutuluka osasa ndi okhakhala. Woimba nyimbo za rock kusasa kumeneko amakufuna mwadala, n'chifukwa chake amakonda ampu yaing'ono ngati Fender Deluxe Reverb ya mawati 22, kuti ibanike msanga. Woimba pedal steel amakuthawa.

Chifukwa chili pa kaimbidwe kake. Phazi lake lamanja limakhala pa pedulo yokweza ndi kutsitsa mawu. Amakodola nsambo peduloyo asanaiponde kwambiri, ndipo mawu akamayamba kuzilala amaiponda pang'onopang'ono kuti atalike. Ndiye kuti ampu iyenera kukhala nayobe mphamvu yoti ipereke pa nthawi imeneyo. Komanso nthawi zambiri nsambo ziwiri kapena zitatu zimalira limodzi, ina itaima pomwepo, ina ikukwera chifukwa cha pedulo. Kaimbidwe aka kanafala Bud Isaacs atakagwiritsa ntchito m'nyimbo ya Webb Pierce yotchedwa Slowly, yomwe inajambulidwa mu 1953. Kukoma kwake konse kuli pa kumva nsambo iliyonse payokha pamene ikuyandikira inzake. Ampu ikabanika, mawu a nsambozo amakolana n'kubala mawu ena achilendo amene woimba sanawaimbe, ndipo khama lonse la mapazi ndi mawondo limangothera m'phokoso.

Apa tisanamizidwe ndi manambala. Ampu ya mawati 200 simveka kawiri kuposa ya mawati 100. Khutu limangomva kuti yakwerako pang'ono. Kuti mawu amveke okwera kawiri, pamafunika mphamvu yochuluka pafupifupi kakhumi. Choncho woimba akamafuna mawati 200 sakufuna kugonthetsa anthu m'khutu. Akugula mphamvu yotsala ija.

Mayina aakulu pa nkhaniyi ndi awiri. Loyamba ndi Fender Twin Reverb, yomwe inatuluka mu 1963 ili ndi mawati 85 ndi masipika awiri a mainchesi 12. M'kati mwake muli ma valve, timabotolo tagalasi tija totentha ndi kuyaka mofiirira tomwe tinkakhala m'mawailesi akale. Lachiwiri ndi Peavey, kampani ya ku Meridian m'chigawo cha Mississippi, yomwe mu 1974 inatulutsa Session 400, ampu yopangidwira oimba steel enieniwo. Iyi ilibe ma valve, imayendera ma transistor, ndipo ili ndi mawati 200 ndi sipika imodzi ya mainchesi 15. Pambuyo pake kunabwera Nashville 400, kenako Nashville 112 yocheperapo, ya mawati 80.

Kusiyana kwa mitundu iwiriyi kuli ngati kwa chigayo cha dizilo ndi cha magetsi. Injini ya dizilo imakuchenjezani ikamalemedwa: kulira kumayamba kulemera pang'onopang'ono, inu n'kudziwa kuti mwachulutsa chimanga. Ma valve nawo salowa m'kusasa mwadzidzidzi. Mawu amayamba ndi kunenepa ndi kufewa m'mbali mwake, ndipo makutu ambiri amakukonda kunenepa kumeneko. N'chifukwa chake Twin Reverb anthu amainyadirabe pojambula nyimbo, pomwe palibe chifukwa choikwezera mpaka kumapeto. Koma ma valve amatentha, amatha, amafuna kusinthidwa, ndipo sakondwera ndi msewu wamabampu. Mota ya magetsi imayenda mofanana kuyambira m'mawa mpaka madzulo osadandaula, ndipo ikafika pa malire ake siichedwa kuonetsa. Ma transistor amasunga mawu oyera mpaka pamwamba, koma mukawapyoza malire, kusasa kwake n'kowawa m'khutu. Mankhwala ake ndi kuika malirewo kutali kwambiri, ndipo ndi zimene a Peavey anachita ndi mawati awo 200.

Tsono injini ikhale yamphamvu chotani, ufa umene mubwere nawo kunyumba umatengera sefa. Sefa ya ampu ndi sipika pamodzi ndi mabatani ochunira mawu. Pedal steel imayenda mtunda wautali, kuchokera pa mawu opyapyala kwambiri mpaka pa besi. Pa limodzi mwa makosi awiri aja, lochunidwa m'machunidwe otchedwa C6, nsambo yomaliza imatsika kupitirira nsambo yaikulu ya gitala wamba. Sipika yaikulu imakankha mpweya wambiri popanda kudzikakamiza, choncho besi imeneyo imatuluka yokwana. Nzeru iyi ndi yakale: ampu yoyamba ya kampani ya Standel, imene Bob Crooks anapangira woimba steel Speedy West mu 1953, inali kale ndi sipika ya JBL ya mainchesi 15. Masipika awiri a Twin Reverb amawala kwambiri pa mawu apamwamba, ndipo pa khosi linalo, la E9, lomwe ndilo la nyimbo za country, kuwala kumeneko n'kokoma.

Chimene ine ndimaiyamikira Peavey kuposa mawati ake ndi kabatani kamodzi. Pedal steel ili ndi chizolowezi cholira ngati munthu wotsina mphuno pa mawu apakatikati, chakumayandikira 800 Hz. Pa Twin Reverb batani la mawu apakati ndi limodzi, ndipo malo amene limagwira anawakhazikitsa kufakitale. Pa Session ndi Nashville pali lina lolembedwa Shift, lokulolani kusuntha mpaka mutapeza penipeni pamene pakuvuta, kenako n'kupatsitsa. Amene anaganiza zimenezi anali atakhala pansi n'kumvetsera oimba.

Palinso nkhani ya msana. Twin Reverb imalemera makilogalamu pafupifupi 29, ndipo ma Peavey akale nawo si opepuka. Onjezani gitala yeniyeniyo m'bokosi lake, ndi mpando. Maampu atsopano a mtundu wa Class D achepetsa vutoli: Quilter Steelaire imapereka mawati 200 ili yopepuka kwambiri, ndipo mu 2019 Fender inatulutsa Tone Master Twin Reverb yotsanzira mawu a ma valve ndi nzeru za kompyuta, yolemera makilogalamu 15 okha.

Kwa munthu woimba ndi bandi ya ng'oma ndi besi, m'holo kapena pabwalo, ine ndinganene mosazengereza kuti atenge ya ma transistor, ya mawati ambiri ndi sipika yaikulu. Woimbira m'chipinda chojambuliramo apeza kukoma kochuluka mu Twin Reverb. Koma iliyonse muiyese musanalipire. Kwezani mawu kufika pamene mudzaimbire ndi anzanu, kodolani nsambo zitatu zakumunsi limodzi, pondani pedulo ya mawu mpaka pansi, kenako pondani ina yokunga nsambo. Ngati mukutha kuitsatira ndi khutu nsambo imene ikukwerayo, zinzake zili chiimire, ampuyo ikukwanani. Ndipo ikakhala yogwiritsidwapo kale ntchito yochokera ku America, yang'anani kumbuyo kwake musanailumikize. Zambiri za kumeneko zimayendera magetsi a mavoti 120, pamene athu ndi 230, ndiye pafunika thiransifoma yotsitsa mphamvu, apo ayi ikhoza kupsa nthawi yomweyo.