Mphaka Akapsa ndi Madzi Otentha

Ku Mitundu ndi ku Nathenje mphaka ndi mlonda wa nkhokwe, koma kukazizira mu Juni amakonda kugona pafupi ndi mafuwa pomwe mphika wa phala ukuwira. Phalalo likamutayikira, ubweya umabisa bala, mwina mpaka masiku awiri.

Ine ndimati musadikire kuti balalo lioneke. M'gwireni ndi chitenje kuti asakukandeni, muthire madzi ozizira apamjigo pamalopo kwa mphindi 20, kenako mumufunditse nsalu youma kuti asazizidwe. Musapake mafuta ophikira, Colgate kapena phulusa. Panado ndiye ayi ndithu: m'bulu umodzi wokha ungathe kupha mphaka, chifukwa chiwindi chake sichitha kuchotsa mankhwalawa m'thupi.

Mukatero, chonde thamangirani naye kwa alangizi a ziweto kapena ku bungwe losamalira nyama la LSPCA ku Lilongwe tsiku lomwelo.