Kubzala Maluwa m'Miphika ku Liuli ndi Madera a m'Mbali mwa Nyanja

Mabuku ambiri ophunzitsa za maluwa analembedwa ku maiko ozizira, ndipo timapepala ta mbeu togula m'masitolo timati bzalani nyengo yozizira ikangotha. Mlimi wa ku Liuli, Lituhi kapena Mbamba Bay akatsata mau amenewa amafesa mu Sepitembala kapena Okotobala, pamene mchenga ukuotcha mapazi, ndipo mbande zake zimapserera zisanatulutse masamba anayi. Kalatayi yalembedwa kuti inu alangizi muthe kufotokozera mabanja za nthawi, mphika, dothi ndi mitundu ya maluwa yogwirizana ndi dera lino.

Ena mwa inu adzafunsa ngati maluwa ali ntchito ya mlangizi, pamene anthu akudandaula za chinangwa ndi mpunga. Yankho ndi lakuti mai amene wadziwa kusakaniza dothi la mumphika, kufesa mosathithikana, kuokera ndi kuthirira mwa muyeso, wadziwa kale ntchito yonse ya nazale ya tomato, ya anyezi ndi ya mitengo. Komanso kuyambira mu 2012, pamene boma la Nyasa linapatulidwa ku Mbinga ndipo Mbamba Bay inakhala likulu lake, maofesi ndi nyumba zogona alendo zawonjezeka, ndipo malo otere pamodzi ndi matchalitchi amafuna maluwa. Gulu la amai lingathe kupezapo kandalama.

Nthawi yoyenera

Nyanja ili pa mtunda wa mamita pafupifupi 470 kuchokera pa nyanja ya mchere, choncho dera lathu ndi lotentha chaka chonse poyerekeza ndi mapiri a Amatengo. Maluwa monga tulip ndi daffodil, amene amaoneka pa zithunzi za makalendala, amafuna kuti anyezi wake agone m'kuzizira kwakukulu masabata 12 kapena kupitirira asanachite duwa. Kuzizira kotere kulibe kuno ngakhale mu Julaye. Musalole mlimi kutayirapo ndalama. Ngakhale rozi ndi dahlia, amene amakondwa ku Mbinga, akatsika ku nyanja amavutika ndi kutentha ndipo maluwa ake amachepa msinkhu.

Kuno nthawi zabwino zilipo ziwiri. Yoyamba, imene tikuilimbikitsa koposa, ndi kumapeto kwa mvula, kuyambira mkati mwa Epulo kufikira Meyi. Dothi ndi manyowa zimakhala zikadali ndi chinyontho, mvula yamphamvu yoswa mbande yapita, ndipo mbeu zimakula m'nyengo ya chisanu nkuchita maluwa kuyambira Juni mpaka Ogasiti. Zinnia ndi marigold amayamba kuchita maluwa patapita masabata 7 kapena 8 chifesereni.

Yachiwiri ndi kumayambiriro kwa dzinja, mu Novembala ndi Disembala. Iyi ndi nthawi ya maluwa a anyezi ndi a zikhawo monga canna ndi amaryllis, ndiponso yookera nthambi zodula. Mbeu zofesa zimamera msanga nthawi imeneyi koma zambiri zimaola patsinde chifukwa cha madzi ochuluka, pokhapokha miphika ikhale pakhonde pamene madzi a padenga sagwerapo.

Mu chilimwe musayambe ntchito yatsopano. Ingosamalani zimene zilipo.

Mphika

Mphika wadothi uposa yonse. Umatuluka thukuta monga umachitira mtsuko wa madzi akumwa, ndipo potero mizu imakhala pozizira. Akisi a kumpoto kwa nyanja, makamaka a ku Ikombe pafupi ndi Matema, ndi odziwika kuyambira kale pa luso loumba, ndipo mbiya zawo zimagulitsidwa m'midzi yambiri ya m'mbali mwa nyanja. Koma sipafunika kugula watsopano. Mphika wong'aluka umene sungaphikenso nyemba ndiwo woyenera maluwa, pakuti mng'alu womwewo umatulutsa madzi. Vuto lake ndi limodzi: umauma msanga, kotero ufunika kuthirira kawirikawiri kuposa chidebe cha pulasitiki.

Zidebe zakale, zigubu zodula pakati, mabeseni obooka ndi matayala zimagwiranso ntchito. Chenjerani ndi pulasitiki wakuda ndi zitini, chifukwa zikakhala padzuwa la masana dothi la m'mbali limatentha mpaka kupha mizu. Zikutireni ndi chiguduli, zipakeni laimu, kapena ziikeni pamene dzuwa limafika m'mawa mokha. Chigubu chimene munali mankhwala ophera tizilombo kapena mafuta a injini ya boti chisagwiritsidwe ntchito.

Chotengera chilichonse chikhale ndi mabowo anayi kapena asanu pansi, aakulu ngati chala chaching'ono. Maluwa aafupi afuna kuya kwa masentimita 20. Hibiscus ndi bougainvillea afuna masentimita 40 kapena kuposa. Ikani phale limodzi pa bowo lililonse kuti dothi lisatuluke. Anthu ambiri amadzaza miyala pansi pa mphika poganiza kuti madzi azitsika bwino, koma miyala imangochepetsa malo a mizu. Khazikani mphika pa njerwa ziwiri kuti madzi atuluke ndiponso kuti chiswe chisalowe.

Dothi

Apa ndi pamene mabanja ambiri a ku nyanja amalephera. Dothi la pafupi ndi nyumba ndi mchenga, ndipo mchenga wokha sugwira madzi kapena chakudya cha mbeu: mwathirira m'mawa, pofika masana wauma. Dothi lamakande la kudimba la mpunga nalo likalowa mumphika limauma gwa ngati njerwa ndi kulekana ndi mphika, kotero madzi amangodutsa m'mbali osafika ku mizu.

Sakanizani motere: ndowa ziwiri za dothi lapamwamba lotapa pansi pa mitengo, ndowa imodzi ya manyowa owola bwino a khola kapena kompositi, ndi ndowa imodzi ya mchenga wokhakhala wa mumtsinje. Kumene kuli chigayo cha mpunga, mankhusu otenthedwa mpaka kuda koma osafika pa phulusa angalowe m'malo mwa mchenga, ndipo amapeputsa mphika. Manyowa akhale oti sakununkhanso ndipo sakutentha mukapisamo dzanja. Zitosi za nkhuku zaziwisi zimaotcha mbande m'masiku ochepa. Poyesa, finyani dothi lonyowa m'dzanja: ligwirane, koma mukaligunda ndi chala liphwanyike.

M'dothi lamchenga la malo otentha mumakhala tinyongolotsi tosaoneka ndi maso timene timatupitsa mizu nkukhala ndi timfundo, monga mumaonera pa tomato ndi therere. Musatape dothi pamene panali mbeu zimenezi. Ngati mukukayika, yalani dothi lonyowa mopyapyala, lifunditseni pepala la pulasitiki loonekera mkati, tsekani m'mbali, ndipo lisiyeni padzuwa masabata 4 mpaka 6. Ntchito imeneyi ndiyo yoyenera Okotobala, pamene kufesa sikutheka.

Siyani mpata wa zala ziwiri pakati pa dothi ndi mlomo wa mphika, wothiramo madzi.

Maluwa oyenera ndi osayenera

Pa malo a dzuwa lambiri sankhani zinnia, marigold, cosmos, gomphrena, portulaca ndi vinca. Portulaca amapirira ludzu kuposa onse ndipo kanthambi kothyola ndi dzanja kamamera kokha. Vinca, duwa lofiirira kapena loyera limene limamera lokha m'mabwalo ambiri, kwao ndi ku Madagascar, ndipo m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 akatswiri anapezamo mankhwala otchedwa vinblastine ndi vincristine, amene madokotala amachizira mitundu ina ya khansa. Izi sizitanthauza kuti masamba ake aziwiritsidwa nkumwa. Ali ndi poizoni. Pakhonde la mthunzi ikani coleus ndi zina za masamba okongola, popeza maluwa ambiri akasowa dzuwa la maola asanu kapena asanu ndi limodzi amangotalika osachita duwa.

Marigold ali ndi phindu lina. Mizu yake imachepetsa tinyongolotsi totupitsa mizu tija. Koma fotokozani bwino: tsinde limodzi pakona pa bedi silithandiza kanthu. Abzalidwe mothithikana pa bedi lonse kwa miyezi iwiri kapena itatu, kenaka tomato abwere pambuyo pake.

M'tchire la kuno mulinso maluwa okongola amene amatuluka ndi mvula yoyamba, monga Gloriosa, duwa lofiira ndi lachikasu loyanga limene ndi chizindikiro cha dziko la Zimbabwe, ndi Scadoxus, lija lofiira lobulungira ngati mpira. Onse awiri amakula mumphika, koma ali ndi poizoni woopsa, ndipo zikhawo za Gloriosa mwana angaziyese mbatata kapena chilazi. Oleander nayenso ndi wakupha, kwa anthu ndi kwa mbuzi. Pa khomo la ana aang'ono ndi bwino kuzipewa zonsezi.

Pali ziwiri zimene mlangizi ayenera kukaniza ndithu. Choyamba ndi namasupuni. Duwa lake labuluu ndi lokongola, ndipo kukongola komweko ndiko kunalichotsa kwao ku South America nkulifalitsa m'maiko ambiri. M'zaka za m'ma 1990 linatseka madooko ndi malo ophera nsomba pa nyanja ya Victoria, ndipo mu mtsinje wa Shire ku Malawi lakhala likusokoneza makina opangira magetsi. Beseni limodzi la namasupuni pakhonde la nyumba ya m'mbali mwa nyanja ndi lokwanira kuyambitsa vutoli, mvula ikangokokolola. Chachiwiri ndi lantana, amene mbalame zimamwaza njere zake mpaka amalanda malo odyetsera ziweto, ndipo masamba ake amadwalitsa ng'ombe.

Kufesa, kuthirira ndi kudyetsa

Fesani m'beseni losaya, kwirirani pang'ono, ndipo phimbani ndi udzu wouma kufikira zitamera. Okerani madzulo mbande zikakhala ndi masamba anayi. Mumphika wa masentimita 30 mlomo wake musapitirire mbande zitatu. Zikafika msinkhu wa chikhatho, tsinani nsonga kuti zichite nthambi. Alimi amachita chisoni potsina, koma tsinde losatsina limapereka duwa limodzi lalitali limene mwera amalithyola. Mphepo ya mwerayi imaomba m'miyezi yomwe maluwa akuchita bwino, choncho miphika ikhale kumbali yotchingika kapena kuseri kwa mpanda wa bango, umenenso udzaletsa mbuzi ndi nkhuku.

Nthambi za hibiscus ndi bougainvillea zidulidwe zotalika masentimita 15 mpaka 20, zokhwima pang'ono, ndipo zizikidwe mumchenga wonyowa pamthunzi. Bougainvillea amachedwa kugwira, ndipo akakula amachita maluwa ambiri mukamumana madzi pang'ono.

Thirirani m'mawa, patsinde, kufikira madzi atayamba kudontha pansi. Musanathirire pisani chala m'dothi. Ngati muli chinyontho, dikirani. Maluwa ambiri a m'miphika amafa ndi madzi ochuluka kuposa ndi ludzu, ndipo chizindikiro chake chimasokoneza chifukwa mbeu yoola mizu imafota ngati yaludzu, mwini wake nkuwonjezeranso madzi. Mu chilimwe mphika wadothi ungafune madzi kawiri pa tsiku. Madzi a m'nyanja yathu alibe mchere ndipo ndi abwino, koma ana asatumidwe kukatunga m'mabango ndi m'madzi odikha, mmene mumakhala nkhono zofalitsa likodzo. Madzi otsukuluzira mbale ndi mpunga ndi abwino. A sopo wambiri ayi.

Chakudya cha mumphika chimatha msanga chifukwa chimatsika ndi madzi. Mangani manyowa a mbuzi kapena masamba a deliya m'thumba, viikani mu mgolo wa madzi wovundikira kwa masabata awiri kapena atatu, sungunulani ndi madzi ena kufikira mtundu wake ukhale ngati tiyi wopepuka, ndipo thirani kamodzi pa masabata awiri. Feteleza wa urea amachulutsa masamba ndi kuchepetsa maluwa. Maluwa ofota azichotsedwa kuti ena aphuke.

Udzudzu ndi tizilombo

Mbale yoikidwa pansi pa mphika ikasunga madzi sabata imodzi kapena masiku khumi, yabereka udzudzu pakhomo penipeni. Udzudzu wa malungo umakonda zithaphwi, koma wa mtundu wa Aedes, wa miyendo ya mawanga oyera umene umaluma masana, umaswana m'zitini, m'matayala ndi m'mbale zotere. Umenewu ndiwo umafalitsa dengue, imene inavuta ku Dar es Salaam mu 2014 ndi mu 2019, komanso chikungunya, matenda amene anayamba kudziwika kum'mwera kwa Tanzania komweku, kwa Amakonde, mu 1952. Dzazani mbalezo ndi mchenga kapena zichotseni. Tayala libooledwe mmene madzi amaima.

Nsabwe za zomera ndi ntchentche zoyera zimachepa ndi madzi a sopo pang'ono kapena a masamba a nimu, opopera madzulo kunsi kwa masamba. Mankhwala amphamvu a m'munda wa khofi kapena wa tomato asapoperedwe pakhonde pamene anthu amadyera ndi kuyanika usipa. Madzi a ombwe amapha tizilombo, koma amaphanso nsomba, choncho zotsala zake zisatayidwe kapena kutsukidwira m'nyanja.

Yang'anitsitsani hibiscus. Akagwidwa ndi tizilombo toyera ngati thonje, mitundu ina ya tizilomboti imafikanso ku mapapaya ndi ku chinangwa. Akuluakulu a mbali zonse ziwiri za nyanja akukumbukira mmene kodikodi anaonongera chinangwa m'zaka za m'ma 1980, kufikira pamene akatswiri anabweretsa kamavu kochokera ku South America kodya tizilomboto. Dulani nthambi zogwidwa ndi kuzitentha. Ndipo langizani apaulendo opita ku Nkhata Bay, Likoma kapena ku Mozambique kuti asabwere ndi zomera za mizu ndi dothi lake popanda chilolezo cha oyang'anira za umoyo wa zomera.

Kusunga mbeu

Siyani maluwa angapo abwino kuti aumire pa tsinde. Thyolani, yanikani pamthunzi, pukusani, ndipo sungani m'botolo louma lotseka bwino lokhala ndi phulusa pang'ono, mutalembapo dzina ndi chaka. Kutentha ndi chinyontho cha ku nyanja zimapha mbeu msanga, choncho isapitirire chaka chimodzi. Ngati pa kapepala kogula panalembedwa F1, mbeu yosunga idzamera koma maluwa ake sadzafanana ndi a kholo lake, monga zimachitikira ndi chimanga cha haibulidi. Dothi la mumphika litsitsimutsidwe chaka chilichonse: khuthulani, chotsani mizu yakale, onjezani gawo limodzi mwa magawo atatu la manyowa atsopano, ndipo tsukani mphika musanabwezeremo.